Munthu amene ndinamutsekera m'nyumba mwanga

Ine, Henry Masiye, wa zaka 59, wa m'mudzi mwa Mpanje, Mfumu Yaikulu Maganga, boma la Salima, ndine mkulu wa maweita pa loji ina ku Senga Bay, pomwe ndagwira ntchito zaka 26. Ndikunena izi pamaso pa apolisi lero Lachisanu, pa 14 Juni 2024.

Akazi anga ndi a Martha Masiye. Ndi telala ndipo amasokera m'nyumba mwathu momwemo. Amadwala matenda othamanga magazi, amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Tili ndi ana atatu. Woyamba ndi Elsie, wa zaka 27, ndipo nkhaniyi yayambira pa iye.

Elsie amaphika buledi ndi masikono. Anayamba ndi uvuni ya njerwa kuseri kwa nyumba yathu. Mu Januwale chaka chino anachita lendi chipinda pamsika wa Senga Bay n'kugula uvuni yamagetsi. Panopa amapereka buledi ku maloji anayi ndipo analemba ntchito anthu awiri. Buledi amene ndimaika patebulo la alendo m'mawa uliwonse ndi wophika iyeyo.

Ndalama zogulira uvuniyo anakongola ku kampani yobwereketsa ndalama ya Nsangu, yomwe ofesi yake ili ku Salima boma. Anandiuza yekha asanakongole. Kuchuluka kwake sanandiuze, inenso sindinamufunse. Ine sindinasaine pepala lililonse la kampaniyo, akazi anga sanasainenso. Chikole cha ngongoleyo ndi uvuni yomweyo, ndipo ili kumsika, osati kwathu.

Elsie ali ndi bwenzi lake, Takondwa Kachigamba, mphunzitsi wa pulayimale. Kwawo ndi ku Khombedza. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anagwirizana kuti chinkhoswe chidzachitike kwathu Loweruka pa 29 Juni.

Lachiwiri pa 4 Juni, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndili kuntchito, ndinalandira foni pa nambala yomwe sindinkaidziwa. Munthu wamwamuna anati dzina lake ndi Trust Chikaonda, wotolera ngongole ku kampani ya Nsangu. Anafunsa ngati ndine bambo ake a Elsie. Ndinavomera. Ndinaganiza kuti mwina akufuna nambala ya mwanayo, ndiye ndinayamba kuitchula. Anandidula n'kunena kuti nambalayo ali nayo, akufuna ineyo. Anatchula ndalama zomwe Elsie anatenga, zomwe wabweza, ndi zomwe zatsala. Zotsalazo anati ndi K340,000. Anati ndipeze ndalamazo pofika Lachisanu. Ndinamuyankha kuti ndalamazo sindinatenge ndine, alankhule ndi mwini wake. Ndinamuuzanso kuti ndili ndi alendo, ndinamutsanzika, n'kudula foni.

Tsiku limenelo sindinamuuze Elsie chifukwa anali wotanganidwa ndi oda ya buledi wa pa ukwati wina ku Lifuwu.

Lachisanu pa 7 Juni, nthawi ya nkhomaliro, m'chipinda chodyera cha pa loji munali alendo khumi ndi awiri a msonkhano ochokera ku Lilongwe. Ndinali nditanyamula thileyi ya mbale zinayi za chambo. Munalowa mwamuna wa zaka za m'ma 30, wamfupi, wovala malaya obiriwira olembedwa dzina la kampani ya Nsangu, chipewa cha njinga yamoto chili m'manja. Anaima pakati pa matebulo n'kulankhula mokweza kuti: "Madala, ndinu bambo ake a Elsie? Mwana wanu akudya ndalama za eni ake." Alendo anasiya kudya. Mawuwo ndinawazindikira kuti ndi a pafoni paja.

Ndinatsiriza kuika mbale zinayizo pamaso pa eni ake. Ndinafunsa mlendo wina ngati akufuna tsabola, ndinamubweretsera. Kenako ndinapempha a Chikaonda kuti tituluke kudzera khomo la kukhitchini. Titafika panja ndinawapatsa mpando pansi pa mtengo. Ndinawauza kuti ano ndi malo antchito, ndipo nkhani ya ngongole ya mwana wanga sindidzaikamba nawo, kaya pano kaya kwina. Anati akapanda kulandira ndalama, afika paliponse pomwe pali m'bale wa Elsie. Mawu ena omwe ananena sindikuwakumbukira bwino. Anakwera njinga yamoto yofiira n'kumapita.

Masana omwewo amanijala a loji anandiitana ku ofesi. Anati munthu wotere akadzalowanso m'chipinda chodyera adzandilembera kalata yochenjeza. Pa zaka 26 sindinalandirepo kalata yotero. Anafunsanso ngati ayambe kufuna munthu wina wopereka buledi. Ndinawayankha kuti buledi sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo za ngongole afunse Elsie.

Nditaweruka ndinapita kumsika komwe Elsie amaphikira. Ndinamufotokozera za foni ya Lachiwiri ndi zomwe zinachitika pa loji. Iye anandiuza kuti mu Epulo magetsi anabwera ndi mphamvu n'kuotcha chipangizo cha mu uvuni. Anakhala masabata awiri osaphika, ndipo kukonzetsa kunadya ndalama zomwe akanabweza mwezi umenewo ndi wotsatira. Anati mu Meyi anapita yekha ku ofesi ya kampaniyo, anakumana ndi amanijala a kumeneko, ndipo anagwirizana polemba kuti azibweza pang'onopang'ono Lolemba lililonse. Anati chigwirizanireni sanaphonyepo.

Anaimbira foni a Chikaonda ine ndili pomwepo, n'kukweza mawu a foni kuti ndizimva. Anawakumbutsa za mgwirizano watsopanowo. Anawauzanso kuti pa pepala lomwe anasaina polandira ngongole palembedwa kuti nkhani ya ngongoleyo ndi ya iye ndi kampani basi, ndipo bambo ake sali mboni kapena womuimira. A Chikaonda anayankha kuti: "Amanijala ali ndi zawo, ine ndili ndi tageti yanga ya ndalama zoti nditolere. Ife tikudziwa chomwe chimabweza ndalama. Ndi manyazi." Elsie anati: "Ndamva. Lolemba ndikasiya dandaulo ku ofesi kwanu." Anadula foni n'kubwerera kukatulutsa masikono mu uvuni.

Lamulungu pa 9 Juni, titangofika kuchokera kutchalitchi, kunyumba kunabwera a Pilirani, amalume ake a Takondwa, amene ndi nkhoswe ya kuchimuna. Tinakhala pakhonde, ine, akazi anga ndi iwo. Anati dzulo lake, Loweruka, munthu wa malaya obiriwira anafika ku Khombedza kwa mlongo wawo, mayi Tionenji Kachigamba, omwe ndi mayi ake a Takondwa. Anawapeza akutonola chimanga ndi amayi anzawo a kumpingo. Pamaso pa onsewo ananena kuti Elsie ali ndi ngongole ya mamiliyoni, kuti akangolowa m'banja ngongoleyo igwera Takondwa, malipiro ake azidulidwa, ndipo mbuzi za pakhomopo zidzatengedwa. A Pilirani anati Takondwa za ngongoleyo ankazidziwa kale ndipo sakufuna kuti chilichonse chisinthe, koma mayi ake ndi akuluakulu ena agwirizana kuti chinkhoswe chiyambe chaima.

Akazi anga anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinathokoza a Pilirani chifukwa chobwera okha m'malo motumiza uthenga pafoni. Sindinatsutsane nawo. Anakana chakudya. Ndinawaperekeza mpaka pa siteji.

Madzulo ake ndinauza Elsie kuti ndigulitsa mbuzi zanga ndi wailesi ya kanema, ndikongolenso pang'ono kuntchito, kuti nkhaniyi ithe sabata yomweyo. Anakana. Mawu ake anali akuti: "Ababa, mukalipira inu ndiye kuti zomwe akunena zija n'zoona. Ndinakongola ndine, ndibweza ndine." Ndinabwerezanso kumupempha. Anandiyankha chimodzimodzi. Mbuzi sindinagulitse.

Lolemba Elsie anapita ku Salima boma. Atabwera anati wabweza ndalama ya sabata imeneyo ndipo wasiya kalata yodandaula ku ofesi. Lachiwiri ataperekera buledi m'maloji anakwera minibasi kupita ku Khombedza. Ndinati ndimuperekeze, kapena apite ndi azakhali ake. Anati apita yekha. Anabwerako dzuwa lisanalowe. Anatiuza kuti wawafotokozera mayi Kachigamba zonse, kuyambira tsiku lomwe anakongola. Anati mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto osamudula, kenako anangonena kuti Lachinayi adzabwera kudzaonana ndi akazi anga.

Dzulo, Lachinayi pa 13 Juni, linali tsiku langa lopuma. Cha m'ma 9 koloko m'mawa ndinali kuseri kwa nyumba, ndikukonza mpanda. Akazi anga anali pabalaza, akusoka. Ngakhale chinkhoswe chinaimitsidwa, iwo sanasiye kusoka zovala za tsikulo. Nsalu yake ndi ya buluu ya maluwa achikasu, tinagula ya mbali zonse ziwiri.

Ndinamva njinga yamoto ikuima kumaso. Sindinamve odi. Patapita kanthawi makina osokera anasiya kulira, ndipo ndinamva akazi anga akuitana kuti: "Abambo ake a Elsie, tabwerani." Ndinasiya chikwanje pampanda pomwepo n'kuzungulira kumaso. Ndikufuna zilembedwe kuti ndinalowa m'nyumba wopanda kanthu m'manja.

Ndinapeza a Chikaonda ali pabalaza. Akazi anga anali ataima pakona, atagwira khoma. Nsalu yomwe inali pamakina inali pansi. A Chikaonda anali atagwada, akumasula mutu wa makina pa tebulo lake ndi sikuludiraiva. Pambali pawo panali zingwe za mphira zomangira katundu panjinga.

Ndinawapatsa moni. Sanatembenuke n'komwe. Ndinawafunsa chomwe akuchita. Anati akutenga makinawo ngati chikole mpaka ngongole ya Elsie ithe. Ndinawauza kuti makinawo ndi a akazi anga, ndinawagulira mu 1997, Elsie ali wakhanda, ndipo sali pa ngongole ya munthu aliyense. Ndinafunsa ngati ali ndi pepala la kukhoti. Anati pepala ndi malaya omwe avalawo. Ndinawapempha kuti atuluke m'nyumba mwanga. Anapitiriza kumasula. Ndinawapemphanso. Anati: "Madala, pitani mukaperekere tiyi kwa azungu anu." Podzuka anaponda nsalu inali pansi ija.

Sindinawakhudze. Ndinagwira akazi anga padzanja n'kutuluka nawo. Nyumba yathu ili ndi khomo limodzi lotulukira panja, chifukwa la kuseri ndinalitseka ndi njerwa chaka chatha. Mazenera onse ali ndi zitsulo. Loko anali pamsomali wake pakhonde. Ndinakoka chitseko, ndinalowetsa mpiringidzo, ndinakhoma loko, kiyi ndinaika m'thumba la malaya. Nthawi inali itangodutsa 9 koloko ndi theka. Ndinayang'ana pa wotchi.

Ndinakhazika akazi anga pampando pansi pa mtengo wa mango. Ndinaitana a Binali, oyandikana nafe nyumba, omwe amakhoma maboti. Ndinawauza kuti m'nyumba mwanga muli munthu amene walowa popanda chilolezo ndipo akumasula katundu, ndamutsekera, akaitane apolisi. Anafunsa ngati ndamumenya. Ndinati ayi. Anatenga njinga yawo n'kunyamuka. Kuchokera kwathu kufika kupolisi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi atatu. Ndinaimbiranso foni Elsie.

A Chikaonda anayamba kumenya chitseko. Kenako anabwera pazenera la pabalaza. Anati nditsegule, apo ayi ndikagona m'chitokosi. Ndinawauza kuti apolisi ali m'njira, ndidzatsegula iwo akafika, ndipo pampando wa sofa atha kukhala. Anthu anayamba kusonkhana, makamaka amayi omwe ankachokera kukayanika usipa ndi anyamata a kabaza. Anyamata ena ankafuna kugwetsa njinga yamoto ija. Ndinawaletsa. Ndinaikankha ndekha n'kuiika pamthunzi, ndinawauza kuti aliyense amene aikhudze ndikamutchula dzina kwa apolisi. Palibe amene anaikhudza.

Akazi anga anati mutu ukuwazungulira. Mankhwala awo anali m'nyumba, pamwamba pa kabati. Ndinapita pazenera n'kupempha a Chikaonda kuti andipatsire botolo loyera lomwe lili pakabati. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anakatenga n'kundipatsira pazenera. Ndinawathokoza. Zimenezinso zilembedwe. Ndinatunga madzi kukhitchini ya panja, ndinapatsa akazi anga, ena ndinathira m'kapu yoyera n'kuwapititsira a Chikaonda pa mbale. Poyamba anakana. Kenako anamwa.

Ataona kuti anthu achuluka, anayamba kulankhula nawo kudzera pazenera. Anati banja lino ndi la akuba, mwana wawo amadya ngongole, anatchula dzina la Elsie ndi malo ake ophikira. Anati amene amagula buledi kwa iye adziwe kuti akudya ndalama za kampani. Ine ndinangoima pakhomo.

Elsie anafika pa kabaza, atavala epuloni, ufa uli m'manja. Anapita kaye kwa mayi ake, anawagwira pamphumi, n'kuwafunsa ngati amwa mankhwala. Kenako anakwera pakhonde n'kuyang'ana anthu. Sanakweze mawu kwambiri, koma anthu anakhala chete. Zomwe ananena ndikuzikumbukira:

"Amayi ndi abambo, ine ndine Elsie amene akunenedwayo. Ngongole ndinatenga, n'zoona. Ndinagulira uvuni yomwe imaphika buledi amene mumagula. Kwatsala K310,000, ndipo ndikubweza Lolemba lililonse monga tinagwirizana ndi ofesi yawo. Nkhaniyi inali ya ine ndi kampani. Mwaimva lero chifukwa ndasankha kuinena ndekha. Bambo anga alibe ngongole. Mayi anga alibe ngongole. Makina ali m'nyumbamo si anga."

Atatero anatsika n'kukakhala pansi pafupi ndi mpando wa mayi ake. Mayi wina wogulitsa usipa, amene dzina lake sindikulidziwa, anafunsa ngati masikono a lero atuluka kale. Anthu anaseka. Elsie anati atuluka 11 koloko.

Apa m'pamene ndinaona kuti mayi Tionenji Kachigamba afika. Anali ataima kumbuyo kwa anthu, atanyamula kachikwama ndi nkhuku yomanga miyendo. Sindinaone nthawi yomwe anafika, koma pambuyo pake anandiuza kuti mawu a Elsie anawamva onse. Ndinapita kukawalonjera ndipo ndinapepesa kuti sindingawalowetse m'nyumba pakali pano chifukwa muli mlendo wina. Anapatsira nkhuku mwana wa a Binali. Anayenda mpaka pazenera, anasuzumira, n'kunena kuti: "Ndi yemweyu anabwera kwathu." Kenako anafunsa a Chikaonda kuti: "Bambo, kwathu kuja munati mamiliyoni. Ndi mamiliyoni angati?" A Chikaonda anachoka pazenera.

Apolisi awiri anafika limodzi ndi a Binali nthawi itatsala pang'ono kukwana 10 koloko ndi theka. Ndinawafotokozera mwachidule n'kupereka kiyi kwa wamkulu wawo. Anatsegula okha. Ndinalowa pambuyo pawo. Mutu wa makina unali utachotsedwa pa tebulo lake, utamangidwa ndi zingwe za mphira, uli pafupi ndi chitseko. Sikuludiraiva inali pa tebulo. Nsalu inali pansi, chidutswa chimodzi chili ndi chidindo cha nsapato. A Chikaonda anali atakhala pa sofa. Analibe bala lililonse, ndipo apolisi atawafunsa anavomera kuti palibe amene anawamenya. Apolisi anafunsa pepala la kukhoti kapena kalata ya ku ofesi yowatuma kudzatenga katundu. Analibe. Apolisi anajambula zithunzi, anatenga sikuludiraiva, zingwe ndi chidutswa chopondedwa chija, n'kunyamuka ndi a Chikaonda. Anandiuza kuti ndibwere lero kudzapereka umboni.

Anthu atabalalika, tinalowa m'nyumba ine, akazi anga, Elsie ndi mayi Kachigamba. A Binali anathandiza kubwezera mutu wa makina pa tebulo lake. Bawuti imodzi sinapezeke, ndipo lamba anaduka. Mayi Kachigamba anatola nsalu zotsala pansi, anazikung'untha, anazipinda n'kuziika pampando. Kenako anaimirira pakati pa balaza, anatambasula manja n'kuuza akazi anga kuti: "Asewere, tengani tepi mundiyeze. Masiku atha, ndipo ine sindifuna yothina m'khwapa." Akazi anga anawayeza. Elsie ndi amene ankalemba miyezo. Ndinafunsa kuti ndiwauze chiyani ankhoswe. Anati: "Pa 29 pomwepo. A Pilirani ndikawauza ndekha." Ananenanso kuti apolisi akafuna umboni wa zomwe zinachitika ku Khombedza, iwo ndi amayi anzawo atatu ali okonzeka kubwera. Anadya nkhomaliro kwathu. Elsie anabwerera kumsika chifukwa buledi wa madzulo anali asanalowe mu uvuni.

Apolisi andiuza kuti a Chikaonda adandaula kuti ndinawatsekera m'nyumba popanda lamulo. Sindikukana kuti ndinawatsekera. Ndinakhoma loko ndi dzanja langa, palibe amene anandithandiza kapena kundiuza kuti nditero. Ndinawapempha kawiri kuti atuluke, chitseko chili chotsegula, iwo anakana. Anakhala m'nyumbamo pafupifupi ola limodzi. Nthawi yonseyo ndinali pakhomo, ndipo amene ndinawaitana ndi apolisi, osati anyamata. Ngati pali mlandu pamenepa, ndidzauyankha kukhoti, ndipo ndidzafika pa nthawi yake.

Andifunsanso ngati ndili ndi chidani ndi a Chikaonda. Ndisanalandire foni ya pa 4 Juni sindinkawadziwa. Kukumana nawo maso ndi maso ndakumana nawo kawiri, pa loji ndi kunyumba.

Dandaulo langa ndi ili. Analowa m'nyumba mwanga popanda chilolezo. Anamasula ndi kumanga makina a akazi anga kuti awatenge, ndipo awaononga. Anaopseza munthu wodwala. Anaulula ngongole ya mwana wanga kwa ine, kwa alendo a kuntchito kwanga, kwa apongozi ake ndi kwa anthu a m'mudzi, pomwe palibe mmodzi wa ife amene anasaina nawo chilichonse, ndipo ku Khombedza anawonjezera zabodza.

Dzulo lomwelo, cha m'ma 4 koloko madzulo, amanijala a kampani ya Nsangu anaimbira foni Elsie. Ine ndinali naye kumsika, ndipo anakweza mawu a foni. Anati a Chikaonda sanatumidwe ndi ofesi kuchita zimenezi. Anati ngati banja lathu lingachotse dandaulo kupolisi, kampani ichotsa theka la ngongole yotsala. Elsie anandiyang'ana. Ine ndinamusiya kuti ayankhe yekha, chifukwa ngongole ndi yake. Anawayankha kuti: "Musachotse ngakhale tambala. Ndibweza zonse, Lolemba lililonse. Chomwe ndikufuna n'chakuti mukapepese komwe munthu wanu anakalankhula. Ku loji, ku Khombedza, ndi kwa mayi anga. Mupite nokha, osati pafoni." Amanijalawo anati aganizira. Elsie anati dandaulo la kupolisi si lake, ndi la bambo ake, awafunse okha. Anandipatsa foni. Ndinawapatsa moni amanijalawo, ndinawauza dzina langa ndi ntchito yanga, ndipo ndinati dandaulo sindichotsa.

Zomwe ndikudziwa pa nkhaniyi ndi zimenezi. Andiwerengera zonse, ndawerenganso ndekha, ndipo zalembedwa monga ndanenera.

Wopereka umboni: Henry Masiye ……………………………

Wolemba umboni: Sajeni Ruth Mkandawire ……………………………

Tsiku: 14 Juni 2024